Nsungwi Yamanyazi ya a Herbert

Ine ndayenda, abale. Ndagonapo pa doko la Beira, ndadya chipisi m'misika ya ku Dar, ku Joni ndiye ndimapita ngati kuseri kwa nyumba. Munthu woyenda chotere safuna bodza kuti anthu amumvere, zoona zokha zimamukwanira. Choncho nkhani ya nsungwi ya a Herbert ndiikamba momwe inachitikira, pa Neno Boma pompano, chaka chatha, nyengo ya manachesi. Wokayika akafunse a Malizani, alangizi a zaulimi aja oyenda pa njinga yamoto yofiira. Munthu uja samwa, sasuta, ndipo analipo.

A Herbert anayamba ndi dengu limodzi la manachesi pamutu. Lero ali ndi lole yonyamula kachewere kupita ku Blantyre, sitolo ya simenti ndi malata pamsika, ndi nyumba ya matailosi imene anthu ochokera ku Matope amaima pamsewu n'kumaiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kunja anapitako kamodzi kokha, ku Joni, masabata atatu, koma mukawamva akusimba mungaganize kuti milatho ya kumeneko anamanga ndi iwo.

Pa ulendo umenewo ndi pamene anabwera ndi kanthu kameneka, atakakulunga m'sokosi yonyowa. Tinali timitengo titatu tobiriwira, tamfundomfundo, totalika kuchoka pachigongono kufika kuzala, tomangidwa pamodzi ndi kariboni kofiira. Wogulitsa anawauza kuti dzina lake ndi nsungwi yamwayi, ndipo sifuna dothi, imamera m'madzi mokha. A Herbert anaiika m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, pakabati ya pabalaza, n'kuitana akazi awo, a Mailesi.

"Imvani malamulo ake, mayi a Christabel. Madzi a pampopi ayi, ali ndi mankhwala, masamba amachita chikasu. Amvula okha, kapena a pachitsime. Kusintha Loweruka lililonse. Dzuwa lisaiombe, koma isakhalenso mumdima. Kariboni aka musamasule."

A Mailesi anapukuta manja pachitenje, akuyang'ana botolo lija chapatali.

"Chinthu chosadya dothi, chosankha madzi, chodana ndi dzuwa, chovala zofiira. Bambo a Christabel, kwathu chinthu cha malamulo otere timachitcha dzina lina."

"Ndi duwa, mayi! Ku Joni lili mu ofesi iliyonse."

"Chabwino. Koma anthu akunena kale kuti lole ija munachita kukhwimira. Ine ndimawayankha kuti mwamuna wanga ndi wa thukuta. Tsiku limene ndidzapeze kuti mwalowetsa m'nyumba muno za kwa sing'anga kapena za kumanda, simudzavutika n'kundithamangitsa. Ndidzapita ndekha kwathu ku Ligowe. Zaka makumi awiri ndi zinayi zidzathera pomwepo."

A Herbert anaseka mpaka kugwira mimba, nalumbira kuti zoterozo n'za anthu osayenda. Tsiku limenelo ankanena zoona.

Vuto linali limodzi. Timitengo tija sitinkaima m'botolo, tinkangogwera uku ndi uku ngati anthu ochokera ku mowa. Wogulitsa uja anali atanena kuti pansi pamafunika timiyala togwira mizu. A Herbert anayesa miyala ya pabwalo, koma inali yakuda, yosaoneka bwino, ndipo madzi ankachita matope. Munthu wa matailosi sangaike miyala ya pabwalo pabalaza.

Mwezi womwewo kunali mwambo wotsegulira chiliza cha apongozi awo aakazi, a Nangozo, ku Ligowe. Mayi amenewo anali achikale zedi. Zaka zonse zimene a Herbert anakhala pabanja ndi mwana wawo, a Nangozo sanamuyang'anepo mkamwini wawoyo kumaso, ngakhale tsiku limodzi. Akakumana panjira, ankapatukira m'chimanga n'kupereka msana mpaka mkamwini adutse. Akafuna kufika pamene mkamwini wakhala, ankayamba atsokomola kawiri, kachifuwa kouma, khe, khe, kuti munthu akonze malaya. Ndipo paliponse pamene adutsa pankatsala fungo la fodya wamphuno.

Chiliza anamanga ndi a Herbert, ndipo anachimanga kuti mudzi wonse udziwe kuti pali mkamwini. Matailosi akuda m'mbali, dzina lolembedwa ndi utoto wagolide, pamwamba n'kuthirapo matumba awiri a timiyala toyera tochokera ku Blantyre. Mapemphero atatha, anthu akutuluka kukasamba m'manja kunjira, iwo anatsalira ngati akumanga chingwe cha nsapato. Dzuwa linali kuwala pa timiyala tija, mbuu. Aliyense ku Neno amadziwa kuti kumanda sutengako kanthu, ngakhale nkhuni, ngakhale bowa. A Herbert ankadziwanso. Koma mumtima anati, "Ndagula ndine. Ndanyamula pa lole yanga. Amayi aona kusiyana kwanji pa manja awiri okha?" Anatapa kawiri n'kuthira m'thumba la jekete.

Kunyumba anatitsuka bwinobwino, n'kutithira m'botolo. Nsungwi inaima njo ngati msilikali.

"Timiyalati mwatitenga kuti?" anafunsa a Mailesi.

"Totsala m'thumba, mayi."

Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Mizu inagwira, masamba awiri atsopano anatuluka, ndipo a Herbert ankakoka aliyense wobwera kudzagula misomali kuti akaone duwa la ku Joni.

Kenako madzi anayamba kuchepa. Nsungwi yamwayi simwa kwambiri, madzi othira Loweruka amafika Loweruka linzake. Koma awa m'mawa uliwonse ankapezeka atatsika ndi kapu yathunthu. A Herbert anayang'ana pansi pa botolo ngati pali mng'alu. Panalibe. Kabati inali youma.

Loweruka, akukhuthula madzi akale, anayetsemula katatu motsatizana. Ananunkhiza botolo. Fodya wamphuno. M'nyumba imeneyo mulibe munthu wogwira fodya.

Chachitatu ndicho chinawathera nthabwala. Mpando wawo waukulu unali pafupi ndi windo. Lolemba m'mawa anakhalapo ndi tiyi wawo, nsungwi ili pakabati, masamba atatambasukira mbali zonse. Pomaliza kapu, masamba onse anali atayang'ana kukhoma. Anazungulitsa botolo n'kupita kusitolo. Masana pobwera kudzadya anapeza masamba ali bwinobwino, koma asanamalize kusamba m'manja anali atayang'ananso kukhoma. Akalowa a Mailesi, nsungwi inkangokhala. Akalowa mlendo, chimodzimodzi. Akalowa mwini nyumba, inkatembenuka pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi, mpaka kuwapatsa msana.

Msana umenewo a Herbert ankaudziwa. Anali atauona zaka makumi awiri m'minda ya chimanga ya ku Ligowe.

Kubweza timiyala mwakachetechete kunali kosatheka. Kumanda sulowa wekha ngati ukupita kudimba. Uyenera kuuza eni mudzi, eni mudzi auza amalume, amalume auza a Mailesi, ndipo a Mailesi anali atanena kale mawu awo. Kutaya kuchimbudzi mtima unakana, apongozi satayidwa kuchimbudzi. Ndiye anativuula mobisa, kutimanga m'kajumbo, n'kutiika m'kabokosi ka kutsogolo kwa lole, kuti aganize bwino ali pamsewu. Asanatsike n'komwe mapiri, galasi loonera kumbuyo linali litatembenukira kwina. Analikonza. Linatembenukanso. Kukonza, kutembenuka, kukonza, kutembenuka, mpaka anafika pa Zalewa osaona kumbuyo, akungoyetsemula njira yonse. Pobwerera anapeza nsungwi itagwera m'mbali mwa botolo, masamba awiri atachita chikasu, a Mailesi ataima pamenepo manja ali m'chiuno.

"Mwaichotseranji miyala? Bwezerani."

Anabwezera.

Apa ndi pamene anaitana a Malizani. Anasankha Lachinayi madzulo, a Mailesi ali ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Za timiyala sananene. Anangoti duwa likuchita zachilendo, pakufunika munthu wa sukulu.

A Malizani anavula chipewa cha njinga, kumvetsera, n'kuseka mpaka misozi.

"Bwana Herbert, izi amaphunzitsa ku pulayimale. Mbewu iliyonse imatsata kuwala. Mukaiika pakhoma imapendekera kuwindo. Palibe mzimu apa."

"Nanga bwanji yangayi ikuthawa windo?"

"Chifukwa simunaiyese mwadongosolo. Taonani."

Anaika botolo patebulo pakati pa balaza, kujambula mzere ndi choko molunjika tsamba lalitali, n'kutseka makatani onse kupatula imodzi. A Herbert anawakhazika pa windo lowalalo.

"Ikatsata kuwala ibwera kwa inu. Komanso zimatenga masiku, osati lero. Ine ndingolemba nthawi."

Anatulutsa kabuku ndi cholembera. Asanamalize kulemba tsiku la mwezi, tsamba lija linali litachoka pamzere. Linachoka kulowera kumdima.

A Malizani anakonza magalasi.

"Khalani uku."

A Herbert anasamuka. Masamba anasamukanso.

"Pitani panja."

Nsungwi inawongoka.

"Lowani."

Inapereka msana.

Anabwereza kasanu ndi kawiri, a Herbert akulowa ndi kutuluka m'nyumba mwawo momwe ngati mbuzi yosowa khola. Kachisanu ndi chitatu a Malizani anatseka kabuku.

"Mphepo," anatero. Koma mawu awo anatuluka opyapyala.

Nthawiyo n'kuti dzuwa litangolowa kumene. Magetsi anazima, monga amachitira. Chisanu cha mwezi wa Juni chinatsika m'mapiri, malata n'kuyamba kulira the, the, pozizira. Kumsika wina ankatseka chitseko chachitsulo. Nkhululu zinali zitayamba kuseri kwa khitchini.

Kenako nkhululu zinasiya. Zonse pamodzi.

Fungo la fodya linadzaza balaza. Lokhuthala. Loyabwa m'mphuno.

Patebulo panamveka madzi. Osati kudontha. Kumwa. Ngati munthu akumwa tiyi wotentha pang'onopang'ono.

Kunatsatira chete.

Khe. Khe.

"Mwatsokomola ndinu?" ananong'ona a Malizani.

"Ayi."

"Inenso ayi."

A Herbert anapeza manja awo akumanga okha batani la pakhosi. Miyendo inadziwongola yokha. Maso anapita pansi.

"Bwana Herbert."

"Ee."

"Miyalayi ndi ya kuti?"

A Herbert anayamba kukonza malaya.

"Ndaiwala," anatero a Malizani akudzuka mwakachetechete. "Ndili ndi msonkhano wa alimi."

"Mdima uno?"

"Ndi alimi akhama."

Anatuluka chammbuyo, chipewa n'kuchisiya pampando. Panja njinga inakana kulira, miyendo nayo inakana kuthamanga, choncho zotsalazo anazimvera ali khale pakhonde, pansi pa windo. Ndi chifukwa chake tikuzidziwa.

Posakhalitsa chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Analowa a Mailesi, kandulo m'manja, akadali m'bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Amuna awo sanawayang'ane. Anapita patebulo, kuika kandulo, n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, amayi? Pepani ndachedwa, zokambirana zinachuluka."

M'botolo munakwera kathovu kamodzi. Bwi.

"Mayi a Christabel," anatero a Herbert, "mukuyankhula ndi ndani?"

"Chifuwa cha mayi anga ndingachisowe ine? Ndinachimva sabata yatha ndikusesa muno. Chikwama changa chili pansi pa bedi, ndinalongedza tsiku lomwelo. Ndimadikira kuti mwina munena nokha. Tsopano ndikufunsani kamodzi kokha, pamaso pawo. Timiyalati munatitenga kuti?"

A Herbert ndi munthu amene amatha kugulitsa malata kwa munthu amene wabwera kudzafunsa njira. Bodza linali kale palilime, lokonzeka, la totsala m'thumba lija. Anatsegula pakamwa.

Khe.

Kamodzi kokha.

"Pachiliza," anatero. "Pamwamba. Manja awiri."

"Chifukwa?"

"Ndimati... ndinagula ndine."

Pakhonde panamveka munthu akuti, "Aaa!"

A Mailesi anadzuka, kulowa kuchipinda, n'kutuluka akukoka chikwama chachikulu, chija a Herbert anawagulira ku Joni. Matayala ake ankalira pa matailosi. A Herbert anathamanga kukaima kutsogolo.

"Mayi, mayi, tiyeni tikambirane. Mawa m'mawa ndibweza. Ndigula mbuzi. Mbuzi ziwiri. Ndithira matumba ena anayi pachiliza, oyera kuposa aja. Ndikauza amalume ndekha, ndigwada pabwalo anthu akuona."

"Chokani pakhomo."

Anachoka. A Mailesi anagwira chitseko. Chisanu chinalowa, lawi la kandulo n'kugona.

Khe. Khe.

A Mailesi anaima. Anapendeketsa mutu ngati munthu amene akuitanidwa kuchokera kutali. Dzanja linali likadali pachitseko. Kenako anapuma mwamphamvu, n'kusiya chikwama.

"Ndinanena kuti ndidzapita, ndipo ndimati ndipitedi. Koma ndichoka bwanji kusiya amayi okha m'nyumba ndi mkamwini? Aziwasinthira madzi ndani? Inu? Aziwapukuta fumbi ndani? Inu? Manyazi angawaphe kachiwiri."

"Ndiye tiwaperekeze ku Ligowe, mayi, pa lole, kutsogolo..."

"Zaka khumi ndi chimodzi mumawalonjeza kuti mudzatuma lole adzaone nyumba ya matailosi. Lole inali yotanganidwa ndi kachewere. Lero mwawanyamula nokha m'thumba la jekete, ndiye mukufuna muwabweze asanaone n'kubafa komwe? Adzapita akadzafuna. Amalume ndikawauza ndine, mbuzi mugula ndinu, ziwiri monga mwanenera. Tsopano pepesani."

A Herbert anayamba kuyandikira tebulo.

"Osati pamenepo! Mkamwini wa kuti inu? Pakhomo apo. Chammbali."

Mwini lole, mwini sitolo, munthu wa ku Joni, ananyonyomala pakhomo la balaza lake, nkhope itayang'ana felemu ya chitseko, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Auzeni amayi kuti ndinalakwa."

"Amayi, akuti analakwa."

"Auzeni kuti takulandirani."

"Amayi, akuti takulandirani."

Anadikira. Lawi la kandulo linaimirira. Fungo la fodya linachepa, ndipo kuseri kwa khitchini nkhululu imodzi inayambanso, kenako zinzake. A Mailesi anakokera chikwama kuchipinda. Potuluka anatola chipewa pampando n'kuchitulutsa pawindo.

"A Malizani, tengani chanu. Njinga iyeseninso."

Inalira kamodzi n'kamodzi.

Kuyambira tsiku limenelo mpando waukulu uja uli pakhonde. Mpira a Herbert amaonera pawindo, atavala jekete, ndipo timu yawo ikagoletsa amangogwedeza mutu mwaulemu. Asanalowe m'nyumba imene anamanga okha amayamba atsokomola, n'kudutsa pabalaza chammbali ngati nkhanu. Nsungwi amasamala ndi a Mailesi. Loweruka lililonse amathira madzi amvula a mumgolo, timiyala amatsuka kamodzikamodzi pa thireyi kuti kasagwe ngakhale kamodzi, tsamba likachita chikasu amalidula ndi lumo latsopano atayamba apepesa. Pano yatalika kupitirira wailesi yakanema. A Malizani amaperekabe uphungu wa mbewu boma lonse, koma mukawafunsa za maluwa a m'nyumba amati imeneyo si nthambi yawo.

M'mwezi wa Disembala, ankhoswe atamaliza zawo, Christabel, mwana wawo woyamba, anabwera kuchokera ku Blantyre ndi mnyamata womufunsira, mphunzitsi wina wofatsa dzina lake Lameki. Palibe anamuuza kanthu. Anamukhazika pasofa pafupi ndi kabati, mawondo atagundana, mbale ya mpunga pamiyendo. A Herbert anali pawindo, akusisita manja, kudikira kuti nayenso mwamuna mnzawo apatsidwe msana.

Anaiwala kuti kwathu kuno gogo sachita manyazi ndi mwamuna wa mdzukulu wake. Amamutcha mwamuna wake.

Timitengo tonse titatu tinayamba kupendekera. Osati kukhoma. Tinapendekera, kupendekera, mpaka tsamba lalitali lija linagona pakhosi pa Lameki. Mnyamata analichotsa mwaulemu. Linabwerera. Anasendera kumapeto kwa sofa. Linamutsatira.

"Duwa lanuli ndi lochezeka," anatero, akuyesa kumwetulira.

Kenako analumpha, supuni n'kugwa.

"Wina wanditsina."

Christabel anali mbali ina ya balaza. A Mailesi manja onse awiri anali pa poto. Windo la a Herbert linali lotseka. Ndipo onse anayi anamva kuseka, kotsika, kokalamba, kwa munthu wopanda mano, kuchokera pakabati.

"Waseka ndani?" ananong'ona Lameki.

A Mailesi anatola supuni, kuipukuta, n'kumuwonjezera mpunga.

"Idyani, bambo. Akukondani."